Okushoni Yopanda Chinkuzamawu

Mu Mzuzu mawu akuti okushoni amanunkha fodya. Mzindawu uli ndi umodzi mwa misika ikuluikulu ya fodya m'dziko muno, pamodzi ndi ya Limbe, Kanengo ndi Chinkhoma, ndipo amene anapondamo amadziwa kachitidwe kake: mabelo ali ndandanda, ogula akuyenda pamzere, woitanira mitengo akuthamangitsa lilime, mlimi ataima chapatali mtima uli m'mwamba. N'chifukwa chake ife a komiti ya madrasa ya m'dera lathu titauza makolo kuti ndalama zokonzera denga tidzazipeza pa okushoni yakachetechete, ambiri anaseka. Ankati imeneyo ili ngati ukwati wopanda nthungululu.

Ambiri a ife tinakulira kunyanja, ku Nkhotakota, Salima ndi Mangochi, ndipo tinakwera kumtunda kuno potsata ntchito ndi malonda. Njira yosonkhera ndalama imene tonse timaidziwa ndi perekani-perekani. Imagwira ntchito, sitikana. Koma tinaiona mtengo wake. Wogwira chinkuzamawu amatchula dzina ndi ndalama zake, anthu n'kuwomba m'manja, ndipo mayi wamasiye amene anabwera ndi kandalama kake pamfundo ya chitenje amabwerera nako kunyumba poopa kuchita manyazi. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, malata anakwera mtengo, matumba anapepuka, ndipo nkhope zopita kutsogolo zinatsala zomwezomwezo. Wina anaganiza za matikiti ochitira mayere, koma a Shehe anakana nthawi yomweyo: ambiri kulipira kuti mmodzi apate mwamwayi ndi njuga, ngakhale cholinga chikome bwanji. Kugulitsa chinthu kwa amene wapereka mtengo woposa anzake, kumeneko anati ndi malonda ololedwa.

Kachitidwe kake n'kosavuta. Katundu amene anthu apereka mwaulere amayalidwa pamatebulo. Pambali pa chinthu chilichonse pamakhala pepala lofotokoza chinthucho, mtengo woyambira, ndi ndalama yochepetsetsa imene munthu angawonjezere pa mtengo wa mnzake. Anthu amayendayenda, kuyang'ana, kulemba, kuchoka, kenaka kubwereranso kudzaona ngati wina wawapitirira. Nthawi ikatha, mtengo wapamwamba papepala ndiwo wagula. Mtengo woyambira tinauika pafupifupi theka la wa pamsika. Ukauyambira pamwamba, pepala limakhala loyera tsiku lonse, pakuti palibe amene amafuna kukhala woyamba kulemba pa chinthu chodula.

Chimene chinatitayitsa nthawi yaitali pokambirana chinali dzina. Kwathu mwana sapikisana ndi mkulu pagulu. Mkamwini akaona dzina la apongozi ake papepala, cholembera amachibweza m'thumba; akaona la a Shehe, pepalalo lafa basi. Motero aliyense polowa pachipata ankalembetsa kwa mlembi dzina ndi nambala ya foni, n'kulandira kakhadi ka nambala yake. Papepala pankalembedwa nambala yokha. Zotsatira zake zinatidabwitsa. Amayi, amene sakanakweza mawu kuitanira mtengo pakati pa amuna, ndiwo analimbirana kwambiri. Nambala ziwiri zinathamangitsana pa thumba la mpunga wa Kilombero wochokera ku Karonga mpaka pepala linadzaza, ndipo pamapeto pake zinadziwika kuti anali mayi wogulitsa mandasi ndi bambo wa sitolo yaikulu. Mayiyo ndiye anagula. Pa chinkuzamawu zimenezi sizikanatheka.

Nambala ili ndi kuipa kwake. Pobisala pamaitana chinyengo. Munthu akhoza kutuma mnzake kuti azilemba mitengo yokwera alibe cholinga chogula, pofuna kungokokera ena m'mwamba. M'Chisilamu mchitidwewu uli ndi dzina, najash, ndipo Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anauletsa. Ena mwa achinyamata athu ankati poti phindu likupita ku madrasa palibe cholakwa. Tinawakanira. Denga lomangidwa ndi mtengo wabodza silingafundike ana ophunzira kunena zoona. Lamulo linalengezedwa poyambirira: walemba, wagula.

Za katundu, tinaona kuti zinthu zokongoletsera m'nyumba anthu amangoziyamikira n'kudutsa. Chimene chimayenda ndi chimene banja likanagula ndi kale: mapaketi a khofi wa Mzuzu, zitenje za ku msika wa Taifa, dengu la usipa wouma wa ku Nkhata Bay, mbuzi. Amene analibe katundu anapereka manja awo. Telala analonjeza kusoka mayunifolomu a ana awiri, mmisiri wa mipope anapereka tsiku limodzi la ntchito, mnyamata wa kabaza anapereka sabata yonyamula mwana kupita kusukulu. Apa m'pamene osauka analowera m'gulu la opereka. Ndipo kunena mwachilungamo, sadaka yeniyeni pa tsiku lotere ndi ya iwowa, chifukwa wogula amabwerera kwawo atanyamula kanthu. Gawo la wogula ndi ndalama ija imene wawonjezera pamwamba pa mtengo wa pamsika.

Agogo osadziwa kulemba tinawapatsa ana a madrasa oti aziwalembera, ndipo anansi athu achikhristu amene anabwera tinawalandira ndi monire wa Chitumbuka n'kuwapatsa nambala ngati wina aliyense.

Nthawi yotsekera ndiyo imabala mikangano m'malonda otere, pakuti wotsalira amati wotchi ya mlembi ikuthamanga. Ife tinatsegula itatha swala ya Dhuhr, n'kugwirizana kuti mawu oyamba a adhana ya Asr ndiwo belu. Muadhini atangoyamba, achinyamata anasonkhanitsa mapepala onse, ndipo alembi anawerengera anthu atatuluka mu mzikiti. Palibe anatsutsana ndi wotchi imeneyo.

Malipiro anali a tsiku lomwelo, pamanja, pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndipo aliyense ankalandira risiti asananyamule katundu. Ngongole tinaikana ngakhale kwa achibale athu, popeza ngongole ya ku mzikiti ndiyo imaiwalika msanga. Wolephera kulipira dzuwa lisanalowe ankataya mwayi, chinthucho n'kupita kwa nambala yachiwiri papepala. Lachisanu lotsatira tinamata pakhoma ndondomeko yonse: chinthu chilichonse, mtengo umene chinagulidwa, zimene tinawononga pa mahema ndi mapepala, ndi zimene zinatsala. Zinakwanira malata ndi misomali ya chipinda chimodzi mwa ziwiri. Mvula ya Mzuzu simafulumira kuchoka, motero ana a chipinda chinacho akuphunzirabe mothithikana ndi anzawo, ndipo telala uja wanena kale kuti ulendo wina adzasoka mayunifolomu anayi.