Tinagula nyumba kawiri

Ife ndife alimi a ku Angónia. Timalima cimanga, nyemba ndi mbatata ya kacewere. Ana athu atakula, tinafuna nyumba ku Ulongwe, pafupi ndi sukulu. Tinasunga ndalama zaka zinai.

Tinapeza nyumba ya njerwa, yofolera ndi malata. Mwini wace anati mtengo ndi mametikali 150.000. Ife tinali ndi 30.000 cabe. Tinapangana kuti tipereke zimenezo ngati cikole, zotsala tidzapereka tikakolola. Cikole cimeneci pa Cipwitikizi amati sinal.

Mphwathu wina, amene anaphunzira, anati: «Malume, lembani pepala.» Tinacita manyazi. Kwathu munthu akapereka mau pamaso pa akulu, nkhani yatha. Kupempha pepala kuli ngati kumunena mnzako kuti ndi mbala. Koma mnyamatayo anaumirira. Analemba maina athu, malo a nyumba, mtengo wace, ndalama zimene tinapereka ndi mwezi womaliza kulipira. Anatiwerengera mokweza. Mwini nyumba anasaina, ifenso tinasaina. Dzanja linanjenjemera, pakuti tinali titangophunzira kumene kulemba dzina.

Titakolola, tinapita ndi ndalama zotsala. Tinapeza anthu ena akusesa pabwalo. Nyumba inali itagulitsidwa kwa wamalonda amene anapereka zambiri.

Mwini uja anati: «Tengani 30.000 yanu, tisiyane bwino.» Tikadatenga. Koma pepala lija linali m'thumba, ndipo tinapita nalo kukafunsa.

Tinamva kuti pali lamulo lakale, Código Civil la caka ca 1966, limene likugwirabe nchito m'Moçambique. Lamulolo likuti: wogula akaphwanya pangano, cikole cace catayika. Koma wogulitsa akaphwanya pangano, abweze cikole kuwirikiza kawiri. Likutinso pangano lolonjeza kugulitsa nyumba likhale lolembedwa ndi losainidwa. La pakamwa silikwanira.

Munthu uja anakana masabata angapo. Ataona kuti nkhani ikupita ku bwalo la milandu, anatipatsa 60.000. Nyumba sitinaipeze. Pepala lathu linali lonjezo cabe, ndipo lonjezo silisandutsa munthu mwini nyumba. Ana anayenda wapansi caka cinanso.

Pa nyumba yaciwiri tinayenda pang'onopang'ono.

Tinayamba ndi funso ili: kodi tikugula ciani? Nthaka sitigula. M'dziko lathu nthaka ndi ya Boma, sigulitsidwa ndipo siikidwa cikole. Lamulo la Nthaka la caka ca 1997 likutero. Munthu amakhala ndi ufulu wogwiritsa nchito nthaka, umene amauchula DUAT. Cimene tigula ndi nyumba ndi zina zimene mwini anamanga. Nyumba ya m'tauni ikagulidwa, ufulu wa malo umatsata nyumbayo. Ku malo a minda n'kosiyana: Boma liyambe lavomereza.

Kenaka tinapita ku Conservatória, kumene kuli kaundula wa nyumba. Tinapempha kalata yoonetsa dzina la mwini, ndiponso ngati nyumbayo ili ndi ngongole ku banki. Tinalipira pang'ono. Ulendo woyamba sitinadziwe n'komwe kuti ofesi yotere ilipo.

Tinafunsanso: «Nanga amai a pakhomo pano akudziwa?» Bamboyo anaseka, nati nyumba anamanga ndi iye. Koma Lamulo la Banja silola mwamuna yekha, kapena mkazi yekha, kugulitsa nyumba imene banja likukhalamo. Onse awiri avomere. Amai aja anabwera. Anali ndi mau awo, ndipo tsiku losamuka anasankha ndi iwo.

Tinalipira msonkho wa sisa, mametikali 2 pa 100 alionse a mtengo wa nyumba. Unatiwawa, sitinama. Pambuyo pace tonse tinakhala pamaso pa notário, mkulu wotsimikiza mapangano. Iye analemba escritura, cikalata ceniceni ca malonda a nyumba. Popanda cikalata covomerezeka, lamulo siliwerengera kuti nyumba yagulidwa, ngakhale ndalama zonse zaperekedwa.

Amai aja sanali kudziwa kuwerenga. Notário anawawerengera cikalata conse, nawafunsa ngati amva ndi kuvomera. Lamulo likufuna zimenezo, kuti wosadziwa kuwerenga asamangidwe ndi mau amene sanawamve. Ife tinatsata mizere ndi cala. Mau ambiri a Cipwitikizi anatipita, koma dzina lathu, dzina la Ulongwe ndi manambala a mtengo tinawerenga tokha.

Tsiku lotsatira tinabwerera ku Conservatória kukalembetsa nyumba m'dzina lathu. Zikalata tinazikulunga m'pulasitiki cifukwa ca ciswe. Zili m'bokosi, pamodzi ndi kapepala koyamba kaja ka mphwathu.