Mnyamata Amene Adakonda Mzukwa

Pakati pa mafilimu amene adajambulidwa ku Hong Kong m'zaka za m'ma 1980, alipo ena amene munthu powaonera sadziwa choti achite: aseke, aope kapena alire. Imodzi mwa mafilimu otere ndi A Chinese Ghost Story, imene idatuluka m'chaka cha 1987 motsogozedwa ndi Ching Siu-tung. Gwero lake ndi nthano ya Pu Songling, mphunzitsi wa ku China amene adabadwa mu 1640 namwalira mu 1715. Mkuluyu adalemba mayeso apamwamba olowera ntchito za boma kambirimbiri koma osaphula kanthu, kotero adakalambira pa ntchito yophunzitsa ana a anthu olemera, uku akulemba nthano za mizukwa.

Mwini nkhani m'filimuyi ndi Ning, mnyamata wotolera ngongole, ndipo amene adasewera mbali imeneyi ndi Leslie Cheung. Ning si ngwazi m'pang'ono pomwe. Ambulera yake ndi yobooka paliponse. Mvula itamupeza panjira, buku lake la ngongole lidanyowa mpaka malemba onse kufufutika, ndipo wangongole adamukanira kwamtuwagalu. Posowa ndalama yolipira pogona, adakagona m'kachisi wa bwinja wotchedwa Lan Yeuk, kumene anthu a m'mudzimo sankayerekeza kupondako usiku.

Kumeneko ndiko adakumana ndi Siu-sin, namwali wokongola woimba zeze, osadziwa kuti ndi mzukwa. Namwaliyo adali kapolo wa chiwanda cha mumtengo, cha lilime lalitali zedi, chimene chinkamutuma kukopa amuna apaulendo kuti chiwayamwe moyo. Koma pa Ning msampha udakanika kufwamphuka. Mnyamatayo, wamantha chotero, ankangofuna kumutchinjiriza namwaliyo ku zoopsa za usiku. Kupusa kumeneku ndiko kudamugwira mtima Siu-sin.

Tsono pali kanthu kena kamene woonera wothamanga angakaphonye. Chakumayambiriro, mitembo youma imene idali m'kachisimo ikukwawira Ning mwakachetechete. Iye, osadziwa kanthu, angotsekula mazenera; dzuwa lilowa, mitembo ija ndi kusungunuka. Apa aliyense amaseka mpaka kugwira nthiti. Wokonza filimu wanzeru sataya nthabwala pachabe. Pamene anthu akuseka, waphunzitsa kale lamulo la m'nkhaniyi, lakuti akufa ndi dzuwa saonana.

Lamulo lomwelo libweranso kumapeto, koma tsopano palibe woseka. Ning, mothandizidwa ndi Yin, mkulu wandevu wodziwa lupanga ndi matsenga, walanditsa Siu-sin ku dziko la akufa. Chatsala ndi kukakwirira mtsuko wa phulusa lake kuti akabadwenso, monga mwa chikhulupiriro cha Chibuda. Kunja kwacha. Dzuwa layamba kusuzumira pazenera lothyoka, ndipo Ning alitseka ndi msana wake kuti kuwala kusamufike namwaliyo asanalowe mumtsukomo. Sangatembenuke, pakuti akasuntha pang'ono dzuwa lilowa. Amva mawu otsazika okha. Pomwe ankacheuka n'kuti namwaliyo atapita. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, koma mnyamata ameneyu sadaloledwe ngakhale kuwaona mamewo akukamuka.

Chodabwitsa ndi chakuti Pu Songling sadaimalize chotero nthano yake. M'buku lake Ning amutenga namwaliyo kupita naye kwao, namwaliyo atumikira mayi ake a Ning, kenaka awiriwo akwatirana ndi kubereka ana. Mwina mphunzitsi wokalambayo, amene mayeso adamumana zambiri, sadafune kumumananso kanthu mnyamata wake. Okonza filimu adasankha njira yowawa, ndipo pamenepa adamuposa mwini nthano.

Leslie Cheung adamwalira mu 2003 ali ndi zaka 46. Oionera filimuyi masiku ano amasekabe pa ambulera yobooka ija, koma akafika pazenera paja ambiri amangoti chete.