Tanzania amene mumamudutsa muli mtulo

Inu amayi ndi abambo a m'misika ya Limbe, Lilongwe ndi Mzuzu amene mumapita ku Dar es Salaam kukaoda zitenje, nsapato ndi mapoto, ndikufunseni: kodi Tanzania munamuona? Sindikunena Kariakoo ayi. Ndikunena dziko lija basi imalidula kuyambira m'bandakucha mpaka usiku, inu mutafunda chitenje kumutu, dzanja lili pa kachikwama ka mpamba.

Ine ndinapita ngati mlonda. Azakhali anga amagulitsa zitenje, ndipo ulendo uno anakongola ku banki m'khonde kuti awonjezere mpamba. Tili pa Songwe anandiuza mosapsatira: "Mwanawe, ntchito yako n'kukhala maso. Ine ndikagona iwe usaphethire." Ndinakhaladi maso, n'chifukwa chake ndili ndi nkhani.

Mukangowoloka mlatho kufika pa Kasumulu, sunthani wotchi ndi ola limodzi kutsogolo, apo ayi basi ikusiyani. Tinagona ku Kyela, m'mawa n'kuyamba kukwera mapiri a Tukuyu. Kumeneko n'kozizira zedi, tiyi ali mbali zonse ngati ku Thyolo, nthochi ndiye musanene. Ndi nthochi zomwezi zinkavunda m'malole pa malire mu April 2025, pamene maboma athu awiri anatsekerezana katundu wa kumunda.

Pa Uyole, pafupi ndi Mbeya, msewu umakhotera kum'mawa. Apa m'pamene munthu umazindikira kuti dziko ili ndi lalikulu kasanu n'katatu kuposa Malawi. Kumanzere kuli chigwa cha Usangu, chosalala mpaka kumene maso alekezera: minda ya mpunga, kenaka ng'ombe za nyanga zazitali, mnyamata mmodzi ndi ndodo yake akuweta gulu loti kwathu mwini wake akadatchedwa bwana.

Bambo wina wachikulire amene anakhala mpando woyandikana nane anandikodola. Ati zimene ukuonazi n'zotsala chabe. Mu 2006 boma linathamangitsa abusa a ziweto m'dambo la Ihefu, m'chigwa chomwechi, ponena kuti ng'ombe zawo zikuumitsa mtsinje wa Ruaha. Mtsinjewu unayamba kuphwa m'chilimwe kuyambira 1993, ndipo ndi umene umadzaza madamu a magetsi a Mtera ndi Kidatu. Magetsi atayamba kuthimathima m'tauni, mlandu unagwera m'busa. Mabanja anayenda mtunda wautali kulowera kum'mwera, ena mpaka ku Lindi, ng'ombe zambiri zikufera m'njira. Mu 2008 malowo anaphatikizidwa ku paki ya Ruaha. Chonsecho akatswiri a za madzi anali atanena kale kuti amene amamwa madzi ambiri ndi minda yothirira ya mpunga. Inu mavenda amene munachotsedwa m'misewu ya kuno kwathu chaka chomwecho cha 2006, simufunika wokumasulirani nkhani yotereyi.

Makambako ndi Mafinga tinangodutsa, nkhalango ya paini ya Sao Hill ikundikumbutsa Chikangawa wa kale. Tauni ya Iringa inakhala pamwamba pa phiri, ife tinaizemba cha kumunsi. Patsogolo pang'ono, pa Lugalo, ndi pamene mfumu Mkwawa ya Ahehe inagonjetsa asilikali a Germany mu 1891. Itafa mu 1898 anaidula mutu n'kupita nawo kwawo, chigaza n'kudzabwezedwa mu 1954. Azakhali? Nkonono basi.

Pa Kitonga palibe amene analankhula. Msewu umatsetsereka mokhotakhota, phompho lili pambali, mabuleki akununkha, anyani atakhala m'mphepete ngati akuwerenga malole akugwa. Mukafika pansi mumalowa m'chigwa cha malambe okhaokha, osawerengeka, ndipo pa Ruaha Mbuyuni anyamata amathamangira basi ndi ndowa za anyezi.

Koma mutu wa ulendo wonse ndi Mikumi. Paki imeneyi inakhazikitsidwa mu 1964, ndipo msewu waukulu umaidula pakati mtunda wa makilomita pafupifupi 50, popanda mpanda. Zimene azungu amalipira madola kuti aone, inu mumazipeza pa tikiti ya basi. Tinayamba ndi nswala, kenaka mbidzi, njovu zitatu zili chapatali pansi pa mtengo. Mwadzidzidzi dalaivala, amene tsiku lonse ankathamanga ngati watumidwa mankhwala, anaponda buleki n'kuima chilili. Kadyansonga anali pakati pa msewu, akuyenda mwaufumu, mutu uli pamwamba kuposa basi.

Apa ndinaphwanya lamulo. "Azakhali, dzukani muone!"

Anadzidzimuka atagwira kachikwama. "Akuba?"

Atayang'ana pawindo anangoti kukamwa yasa. Mayi amene msewu umenewu wauyenda zaka zambiri, nyama imeneyi anali asanaionepo. Sindikuwaseka, poti kwathu mpaka ukalowe kumalo ngati ku Majete, kumene anabwera nazo kuchokera ku South Africa mu 2018. Funso lawo loyamba linali la munthu wa geni: "Nanga akaigunda amalipira zingati?" M'mbali mwa msewu muli zikwangwani zonena chindapusa cha nyama iliyonse m'madola, ndipo cha kadyansonga, amene ndi chizindikiro cha dziko lawo, n'choposa mpamba wa basi yathu yonse. Ulemu wa dalaivala uja unachokera pamenepo.

Morogoro tinafika dzuwa likulowa, mapiri a Uluguru atatsamira tauni, minda ya khonje ili ndandanda. Kuyambira 2024 pali sitima ya magetsi yochoka pano kupita ku Dar es Salaam ndi ku Dodoma, likulu lawo. Cha ku Ruvu tinadutsa kutada, pafupi ndi famu yaikulu ya ng'ombe ya boma. Bambo uja anangoseka: ng'ombe za boma zili ndi malo ake, sizithamangitsidwa.

M'mawa mwake tinali m'chipwirikiti cha Kariakoo, dzina lochokera ku Carrier Corps, amtengatenga a pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Kwacha inali italuza mphamvu pa malire, moti azakhali anaoda zitenje zochepa kuposa mmene anawerengera, ngongole ikuwadikira kunyumba. Komabe anasankhapo chimodzi cha zithunzi za kadyansonga, ati ichi sichogulitsa.

"Pobwerera pawindo ndikhala ine, iwe ugwire katundu," anatero.

Basi imene tinapeza inali ya usiku. Mikumi tinaidutsa mdima uli bii.