Zithunzi za penti wa mafuta zokumbutsa mafumu a ku Egypt

Akatswiri ena ojambula masiku ano amasanja patebulo zinthu zokumbutsa mafumu akale a ku Egypt n'kuzijambula ndi penti wa mafuta. Pachithunzi chotere sipakhala munthu. Pamangooneka mwina kachiboliboli ka mutu wa mfumukazi Nefertiti, duwa la lotus, nkhuyu zingapo m'mbale, ndi nsalu ya mizeremizere ya buluu ndi golide, yofanana ndi mizere ya pachigoba cha kumaso cha Tutankhamun, mfumu imene manda ake anapezedwa ndi Howard Carter mu 1922.

Chinsinsi chagona pa pentiyo. Amasakanizidwa ndi mafuta a mbewu ya linseed, ndiye amauma pang'onopang'ono. Wojambula amapaka kopyapyala, kudikira masiku angapo, n'kupakanso pamwamba, mpaka golide wa pachithunzi ayamba kung'anima ngati weniweni, chonsecho palibe ndi kadontho komwe ka golide. Nkhuyu yong'aluka imachita kuoneka yonyowa, tinjere take tili poyera, munthu mpaka kulakalaka kuitola.

Eniake akale a ku Egypt penti wa mafuta sankamudziwa. Ankapera miyala ndi dothi la mitundu n'kusakaniza ndi utomoni wa mitengo, pomwe buluu ankachita kumupanga potentha mchenga, laimu ndi mkuwa. Koma kujambula zakudya iwowo anayamba kalekale, ndipo ulemu umenewu ngwoyenera kuwapatsa. Pamakoma a manda ankajambula buledi, mphesa, nkhuyu ndi abakha, pokhulupirira kuti womwalirayo azidya kumene wapitako. Zidutswa za makoma a manda a mlembi Nebamun, za cha m'ma 1350 BC, zomwe zili ndi zojambula zotere, zikusungidwa ku British Museum mumzinda wa London.