Simenti si simenti chabe: kwa anzanga omanga kumudzi muli ku Joni

Anzanga amene mumatumiza ndalama kumudzi kuti akumangireni nyumba, khalani pansi tikambirane. Ndalemba zambiri, mundipirire.

Chaka chino ndakwanitsa zaka 9 ndikugwira ntchito ya zomangamanga kuno ku Joni. Ndinayambira kukankha wilibala ku Germiston, pano ndimayang'anira anyamata othira konkire. Ndisanabwere kuno ndinathandizapo amisiri ku Bangwe ndi ku Chirimba, ndipo ndinkadziyesa katakwe. Sabata yoyamba folomani anandituma simenti ya 42.5, ine n'kungonyamula thumba limene linali pafupi. Anandibweza nalo. Chamumtima ndinati bamboyu ngwamatama, simenti ndi simenti basi.

Ndinali mbuli. Manambala a pathumba aja, 32.5, 42.5 ndi 52.5, amanena mphamvu imene simentiyo imafika pakatha masiku 28. Ikakhala ndi chilembo R ndiye kuti imagwira msanga, ya N imagwira pang'onopang'ono. Palinso ya 22.5, yomangira njerwa ndi kupakira pulasitala, yosayenera kulowa mu silabu kapena mzati. Simenti ya kwathu nayo, kaya ya ku Kasungu, ya ku Blantyre kapena yochokera ku Zambia, manambalawa alipo. Koma ndani amawerenga? Tikalowa mu hadiweya funso ndi limodzi: yotchipa ndi iti?

Chimene chinandidabwitsa kwambiri kuno ndi timabokosi. Galimoto ya konkire ikafika, asanathire amatapako pang'ono n'kudzaza timabokosi ta mamilimita 150 mbali zonse. Konkireyo ikagwira, timiyala timene timatulukamo amativiika m'madzi, kenaka amakatiphwanya ndi makina, tina pa tsiku la 7, tina pa tsiku la 28. Ngati injiniya analamula konkire ya 25 MPa, kamwala kaja kayenera kupirira matani oposa 50 kasanasweke. Kakalephera, nkhani imavuta. Ndinaonapo mizati itatu ikugumulidwa, pamaso inkaoneka yosalala bwinobwino.

Kwathu muyezo ndi diso la mmisiri. Ndipo diso limakonda konkire yamadzimadzi chifukwa imayenda yokha, fosholo sililemera. Apa ndi pamene timaphera nyumba zathu. Madzi akachuluka posakaniza, amadzauma n'kusiya timabowo m'kati, mphamvu n'kuthera pomwepo. Chodabwitsa n'chakuti pamene madzi akufunika, ndi pamene timawamana. Simenti silimba chifukwa chouma ayi, imalimba pomwa madzi pang'onopang'ono. Kuno silabu timaiphimba ndi pulasitiki kapena kuithirira masiku 7. Kwathu athira lero, dzuwa la Okutobala liwombe, mawa akusanjapo njerwa.

Sindikunena za anthu ena. Nyumba yanga yomwe ya kumudzi inaona zomwezi. Mng'ono wanga ananditumizira vidiyo pa WhatsApp akunyadira kuti ntchito ikuthamanga, ine ndikuona mnyamata akukhuthulira ndowa pamwamba pa ndowa. Mchenga wake wofiira, wa pamsewu, wodzaza dothi. Nditapita pa Khirisimasi ndinakanda lintala ndi msomali, inkangoyoyoka ngati chigumu. Nditawafunsa, amisiri anandiyankha mwaulemu ndithu: "Bwana, ife timamanga chonchi kuyambira kale, palibe inagwapo." 

Zitsulo nazo n'chimodzimodzi. Konkire imapirira kupsinjidwa koma ikakokedwa imang'aluka, n'chifukwa chake timaikamo zitsulo kuti zigwire pamene ikufuna kuthyoka. Zosalala za R n'zofewa, zamizeremizere za Y n'zolimba pafupifupi kawiri. Mita imodzi ya Y12 yeniyeni imalemera pafupifupi magalamu 890. Amene akukugulirani adule mita imodzi akaike pa sikelo, mudzadziwa ngati anakugulitsani Y12 kapena Y10 wonenepa. Kuno timaikanso tizidutswa pansi pa zitsulo kuti zikwiririke bwino m'konkire. Zikagona pa thabwa zimatulukira kunja, dzimbiri n'kulowa, chitsulo n'kufufuma, konkire n'kuyamba kusupuka.

Za malata mwachidule: geji ikamakwera, lata likupyapyala. La 28 ndi lochindikala kuposa la 32. Alipo ambiri amene amasankha 32 poganiza kuti nambala yaikulu ndiye yamphamvu.

Musandimve ngati ndikunyoza kwathu. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891 ndi njerwa zoumbidwa ndi kuotchedwa pomwepo, ndipo chilipobe. Agogo athu ankadziwa dothi loumbira, ankagogoda njerwa n'kumvera kulira kwake: yopsa imalira ngati belu, yosapsa imangoti phu. Chitseko cha mlombwa chiswe chimachilambalala, pamene mapulanga a paini a kuno popanda mankhwala obiriwira aja sangalimbe. Kumeneko kunali kuyeza ndithu, ngakhale kunalibe makina. Vuto labwera pamene tasiya zipangizo zimene tinkazidziwa n'kutenga zatsopano osaphunzira khalidwe lake. Mu 2018 boma linaletsa njerwa zootcha pa nyumba za boma ndi zamalonda pofuna kupulumutsa mitengo, ndipo mabuloko a simenti afala. Koma woumba akafuna kuti thumba limodzi litulutse mabuloko ochuluka, mumagula mchenga woumbidwa. Gwetsani buloko limodzi kuchokera m'chiuno muone.

Komanso kuno si kumwamba. Pa 6 Meyi 2024 nyumba yosanja imene inkamangidwa mumzinda wa George inagwa, anthu 34 anafa, ena mwa iwo Amalawi anzathu. Dziko la ma injiniya, la timabokosi, la mapepala osainidwa. Muyezo ukakhala papepala pokha, khoma silidziwa.

Ndipo dziko lathu si lofatsa. A ku Karonga amakumbukira zivomerezi za mu Disembala 2009. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 tonse tinamulira. Matope ndi miyala imene inatsika m'phiri la Soche kugwera ku Chilobwe palibe simenti ikanaiimitsa, zimenezo tivomereze. Koma m'madera ena makoma ankagwa chifukwa chongonyowa kunsi, poti maziko anali osaya ndipo panalibe pepala lakuda lija lotchinga chinyontho.

Tsono mukamatumiza ndalama, musamangoti "kaguleni simenti 20 ndi malata". Nenani nambala ya simenti, geji ya malata ndi kukula kwa zitsulo, ndipo akujambulireni thumba lenilenilo. Mchenga ukhale wa kumtsinje. Pezani mayi kapena mnyamata wa ganyu woti azithirira silabu m'mawa ndi madzulo kwa sabata yathunthu, mumulipire payekha, osadzera kwa amisiri. Ine lintala ija ndinagumula n'kuthiranso, ndalama zake zikanakwana mawindo onse.