Za Kachipatso Kofiira ndi Dzanja Lopatsa

Abale okondedwa a ku Mitundu ndi ku Nathenje, ife Achewa tidalandira kwa makolo mwambi wonena kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsono Angerezi nawonso ali ndi chipatso chimene amaphiphiritsira nacho nzeru m'mabuku awo. Dzina lake ndi sitiroberi: kachipatso kofiira, konunkhira, komera pansi, kamene ena a inu mudakaona akugulitsa paphiri la Zomba.

Kalekale, amisiri ojambula zithunzi za m'matchalitchi ku Ulaya ankajambula kachipatsoka pafupi ndi Amayi Maria. Tsamba lake la nthambi zitatu linkakumbutsa Utatu Woyera, duwa loyera linkakumbutsa kuyera mtima, ndipo kufiira kwake kunkakumbutsa magazi a Ambuye. Koma alembi a nthano adaonamo zinanso.

M'buku la Jane Austen lotchedwa Emma, la m'chaka cha 1815, anthu olemera akuthyola zipatsozi m'munda wa ku Donwell, osati chifukwa cha njala, koma kungotayitsa nthawi. Pamenepo chipatso chikuonetsa moyo wa anthu osadziwa khasu.

Chimene chatigwira mtima koposa ndi buku la Thomas Hardy la m'chaka cha 1891, lonena za namwali wosauka dzina lake Tess. Kavalo amene banja lake linkadalira atafa, makolo adamtuma kwa anthu achuma kukapempha chibale. Kumeneko mnyamata wa pakhomopo, Alec, adamuyendetsa m'munda, nathyola sitiroberi, nafuna kumdyetsa pakamwa. Tess adafuna kulandira ndi dzanja lake, koma mnyamatayo adakakamira, ndipo mwanayo, pochita manyazi ndi mwini khomo, adatsegula kamwa. Pambuyo pake Alec adamchimwira, Tess adabala mwana amene sadakhalitse, ndipo moyo wake udathera pachingwe.

Onani, abale: mlembi sadaike mlandu pa chipatso, kapena pa namwaliyo. Adauika pa dzanja lopatsa mokakamiza, ndi pa makolo amene umphawi udawatseka m'maso.

Kodi zimenezi nzachilendo kwathu kuno? Iyayi ndithu. Fodya akagulidwa, ndalama zikayamba kuyenda pamsika wa Mitundu, sitiroberi wathu amakhala sopo, chitenje, kapena kanyenya. Mwana akabwera nazo kunyumba, ife akulu timatembenuzira nkhope kumbali, poopa kufunsa kumene zachokera, pakuti nafenso tasambira sopo yemweyo.

Chifukwa chake tikupemphani, inu atate, amayi ndi atsibweni: musatume mwana wamkazi yekha kukapempha kwa munthu wachuma, pitani eni ake. Mphatso iliyonse yolowa pakhomo muifunse dzina la woipereka. Ndipo mwana akakana chopatsidwa, musamdzudzule kuti alibe ulemu, koma muime naye, pakuti iye waona nyerere zimene ife sitidazione.

Tsalani ndi mtendere.