Ntchito ya Bampa Imayambira Kuseri

Munthu akabweretsa bampa yosweka, iye amaloza mng'alu, koma ine ndimayamba ndayitembenuza. Kuseri kwake fakitale inadindako zilembo zonena mtundu wa pulasitiki. Magalimoto ochokera ku Japan amene adzaza m'misewu ya Lilongwe, monga Sienta, Probox, Vitz ndi Honda Fit, mabampa ake ambiri ndi a PP. Zivundikiro za magalasi a m'mbali kawirikawiri zimakhala za ABS. Mitundu iwiriyi sigwirana ngakhale muisungunulire pamodzi; mungaone ngati zamatana, koma galimoto ikangogunda dzenje limodzi zimalekana. Zilembo zikafufutika ndimadonthezera thina pamalo obisika. ABS imafewa n'kuyamba kumata chala, pomwe PP siisintha n'komwe.

Kupindika kokha n'kosavuta. Ndimatenthetsa malowo ndi mpweya wotentha, kapena madzi owira magetsi akazima, n'kukankha kuchokera kumbuyo, kenako kuziziritsa ndi nsalu yonyowa.

Mng'alu ndiye umafuna mtima wodekha. Ndimaboola kabowo kumapeto kwake kuti usapitirire. Kenako ndimakumba kangalande motsatira mng'aluwo, kuseri, n'kumiza ukonde wa waya wopyapyala m'pulasitiki ndi chitsulo chotentha. Chodzazira ndimadula ku mabampa akale a mtundu womwewo, n'chifukwa chake mulu uli kuseri kwa garaja sindilola kuti anyamata autaye. PP imasungunuka pa madigiri pafupifupi 160. Ikayamba kufuka utsi ndiye kuti yapsa, ndipo pulasitiki yopsa imathetheka. Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ndimamuuza kuti aziyang'ana mmene ikunyezimira, dzanja liziyenda, lisaime pamodzi. Zimandiwawa ndikaona bampa yosokedwa ndi waya kenako n'kumatidwa fila wochindikala wa pachitsulo. Bampa imapindika galimoto ikamayenda. Fila wotere sapindika, amang'ambika n'kugwa ndi penti yemwe.

Penti ndi PP sizikondana mwachibadwa. PP ili ngati tsamba la koko, madzi amangotsetserekapo. Choncho ndimatsuka kaye ndi sopo kawiri konse, chifukwa polishi amene amapaka kotsukira magalimoto amasiya mafuta, ndipo mafutawo amaboola timaenje m'penti watsopano. Ndikatha ndimakwecha ndi sandipepa, kuyambira wokhakhala wa 180 mpaka wosalala wa 600. Apo m'pamene ndimapopera plastic primer, mankhwala oonekera amene amagwirizanitsa pulasitiki ndi penti. Ambiri amadumpha pamenepa pofuna kupulumutsa ndalama. Galimoto imatuluka ikuwala bwinobwino, koma pakapita miyezi yochepa penti amayamba kusendeka ndi chikhadabo.

Oyendetsa matakisi ndi amene amandipanikiza kwambiri. "Amisiri, ingopoperani, masana ndikufuna ndikhale pamsewu." Ndimawamvetsa, tsiku limodzi osayenda ndiye kuti kunyumba kulibe ndiwo. Komabe ndimawayankha kuti, "Achimwene, ndipatseni mpaka mawa, kuti musadzabwerenso ndi bampa yomweyi." Ena amapita kwina, ndipo sindiwaletsa.

Mtundu wa penti uli ndi nambala yake pakachitsulo kapena kapepala ka pathupi la galimoto. Pa Toyota, 040 ndi woyera, 1F7 ndi siliva. Koma nambala imanena mmene galimoto inalili potuluka m'fakitale, osati mmene dzuwa la ku Salima layisinthira zaka khumi. Ndimapopera kaye pakachidutswa n'kukayerekeza panja, powala. Siliva ndiye wovuta kuposa onse, chifukwa tizidutswa take tonyezimira timagona mosiyana malinga ndi mphamvu ya mpweya ndi kutalikira kwa dzanja.

Ndimakonda kupopera m'mamawa, mphepo isanadzutse fumbi, nditathira madzi pansi. M'nyengo ya mvula chinyezi chimachititsa penti kuoneka ngati wachita nkhungu, ndiye ndimadikira dzuwa likwere. Bampa ikauma ndimayimanga ndekha, n'kuona kuti mpata wake ndi nyali ukufanana mbali zonse. Mwini wake ndimamupempha kuti kwa mwezi wathunthu azitsuka ndi madzi ndi sopo basi, polishi ayi.